Bwalo libwere, mitengo isagwe: zolemba za komiti ya paki yathu

Ndine mlembi wa komiti yaing'ono ya anthu a m'dera lathu kuno ku Harare. Ambiri mwa ife ndife ana ndi adzukulu a anthu amene anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito ku Salisbury, ndipo pamisonkhano timayankhula Chichewa chothira Chishona apa ndi apo, monga timachitira pamaliro ndi kutchalitchi. Anzanga anandipempha kuti zimene ndakhala ndikulemba m'kope ndiziike poyera, kuti abale a ku Mufakose, Mbare, Dzivarasekwa kapena Mabvuku akadzadzuka n'kupeza zikhomo m'paki yawo, adzadziwe poyambira. Ife tinayamba tili mumdima.

Loweruka loyamba la Ogasiti

Zikhomo zinakhomedwa Lachinayi m'mawa. Oyamba kuziona anali amayi ogulitsa tomato ndi repu pakona, ndipo pofika madzulo zithunzi zinali zitazungulira kale pa WhatsApp. Pamitengo ina panali chizindikiro cha X cholembedwa ndi utoto wofiira, chapachifuwa pa munthu. Lachisanu nditaweruka ndinapita kukawerenga ndekha. Ndinapeza mitengo 23.

Nkhani imene tamva ndi yoti kampani ina ikufuna kubwereka mbali yaikulu ya pakiyi kwa zaka zambiri. Ikufuna kumanga bwalo la mpira wamiyendo la kapinga wapulasitiki, mabwalo awiri a ntchemberembaye, zipinda zosinthira zovala ndi malo oimika magalimoto. Panopa pali bwalo lafumbi lokhala ndi magolo opindika, ndipo palibe angakane kuti likufunika kukonzedwa.

Lero tinakumana pansi pa mkuyu, anthu oposa 30. Mitima inali m'mwamba. Anyamata ena a msinkhu wanga amafuna kuti usiku uno tikazule zikhomo zonse n'kuzitaya mungalande. Amalume amene tawasankha kukhala apampando anakana. Anati: "Mukazula chikhomo chimodzi, mawa nkhani idzakhala ya chikhomo ndi apolisi. Za mitengo palibe adzazikumbukenso." Tagwirizana kuti tisakhudze katundu wa munthu, tiyambe tawerenga mitengo yonse ndi kuiyeza, ndiponso tifufuze zimene malamulo akunena. Msungichuma ndi mayi wina wa kutchalitchi kwathu. Aliyense wasonkha dola imodzi ya mapepala ndi kombi.

Loweruka lachitatu la Ogasiti

Masabata awiriwa tathera pa kuwerenga ndi kuyeza. Mwana wa achemwali anga, amene anaphunzira za nkhalango ku Mutare, ndiye anatitsogolera. Tepi tinabwereka kwa atelala, koma inali yaifupi, ndiye tinkazunguliza chingwe pathunthu kenako n'kuyeza chingwecho. Mtengo uliwonse tinaupatsa nambala yolemba ndi choko, osakhoma msomali. Yonse pamodzi ilipo 58. Pa 23 ya chizindikiro ija, 9 ndi bulugamu, 6 ndi jakaranda, 5 ndi misasa, kenako mkuyu, muula, ndi mtengo umodzi wa maluwa ofiira umene kuno timautcha flamboyant.

Kayezedwe kake n'kosavuta, ndipo ndikulemba bwinobwino chifukwa ndi kamene kwatithandiza kwambiri. Mumayeza kuzungulira kwa thunthu pa mita imodzi ndi theka kuchokera pansi, n'kugawa ndi 3.14 kuti mupeze kunenepa kwa thunthulo kuchoka mbali ino kufika mbali inayo. Mukatero mumachulukitsa ka 12. Yankho lake ndi mtunda, kuchokera pathunthu kupita mbali zonse, umene khasu, katapila ngakhale tayala la lole siziyenera kufikapo. Mkuyu wathu kuzungulira kwake ndi mamita 3.9, choncho ukufuna mamita pafupifupi 15. Msasa wa nambala 31 ndi mamita 1.6, ukufuna mamita 6. Muyeso umenewu ndi wa ku Britain, umatchedwa BS 5837. Si lamulo la Zimbabwe, koma mainjiniya amaudziwa, ndipo kupita kwa iwo ndi nambala kumathandiza kuposa kupita ndi misozi yokha.

Ine ndinakula ndikuganiza kuti mtengo waukulu umamwa madzi pansi penipeni, kuti bola thunthu lisadulidwe, pamwamba mutha kuchitapo chilichonse. Mnyamatayu anandiwongola. Mizu yambiri imene imadyetsa mtengo ili pamwamba, m'masentimita 60 oyambirira a dothi, ndipo imayanza kupitirira pamene mthunzi wathera. Imafunanso mpweya. Lole yodzaza mchenga ikadutsapo kangapo, dothi limatsindirika ngati pansi pa nyumba yozira, madzi salowa, mizu imabanika. Mtengo suuma sabata yomweyo. Umayamba kuuma kunsonga patapita zaka ziwiri kapena zitatu, omanga atalandira kale ndalama zawo n'kupita, ndipo anthu amangoti wafa ndi ukalamba.

Tikuyeza mzere wa jakaranda, agogo ena a zaka zoposa 80 anabwera ndi ndodo yawo n'kukhala pachitsa. Anachoka ku Dedza ali mnyamata, anadutsa ku Tete ndi ku Mutoko pamalole a Ulere, amene ankanyamula anthu ofuna ntchito mwaulere, ndipo moyo wawo wonse agwira ntchito ya m'maluwa. Anandiitana: "Mwanawe, bwera kuno. Iyi ndinkaithirira ndi ndowa ili yolekeza m'chiuno. Madzi tinkatunga kutali uko." Kenako analoza misasa: "Koma iyo ndinaipeza ili chonchi. Nyumba zonsezi kunalibe, iyo ilipo."

Ndinakumbuka bambo anga omwalira, amenenso ankagwira ntchito m'mabwalo a nyumba za ku Avondale. Anthu athu ambiri ndi amene anakumba mayenje, kuthirira ndi kusesa masamba a mitengo imene Harare imanyadira lero. Mayina awo sanalembedwe paliponse. Ndikaona X pa jakaranda wa agogowa, ndimamva ngati pafufutidwa siginecha yawo.

Za misasa ndionjezepo. Kwathu msasa ndi kanyumba kamasamba kogonamo paulendo, kuno ndi dzina la mtengo wa m'nkhalango za dziko lino. Mbande ya msasa imatha zaka ikuoneka ngati siikukula, pamene pansi ikuzika muzu. Simungapite kunazale n'kugula msasa wamthunzi. Ukagwa wagwa.

Lachitatu, sabata yomaliza ya Ogasiti

Za malamulo. Mphunzitsi wopuma pantchito amene ali m'komiti yathu anakhala masiku atatu akuwerenga, ndipo tapeza pogwira. Lamulo la Urban Councils Act, ndime 152, limati khonsolo isanagulitse kapena kubwereketsa malo ake kwa nthawi yaitali, iyenera kulengeza m'nyuzipepala ndi kupachika chidziwitso ku ofesi yake, ndipo anthu amapatsidwa masiku 21 operekera madandaulo awo polemba. Titafufuza, chidziwitsocho tinachipeza. Chinatuluka, m'zilembo zing'onozing'ono pakati pa zotsatsa malonda, ndipo masiku 6 anali atadutsa kale. Pakati pathu palibe amagula nyuzipepala tsiku ndi tsiku. Abale, sankhani munthu mmodzi m'dera lanu woti aziwerenga masamba a zidziwitso sabata iliyonse. Tikanachedwa masabata awiri okha, zonse zikanatidutsa.

M'kalata yathu tatchulanso ndime 73 ya malamulo oyendetsera dziko a 2013, imene imapatsa munthu aliyense ufulu wokhala m'malo osaononga thanzi lake, ndiponso wakuti chilengedwe chitetezedwe chifukwa cha mibadwo ya lero ndi yam'tsogolo. Tapemphanso kuti misasa, mkuyu ndi muula zitetezedwe pogwiritsa ntchito Regional, Town and Country Planning Act, limene limalola akuluakulu a mapulani kulamula kuti mitengo ina isadulidwe. Kope ina tikutumiza ku EMA, bungwe loona za chilengedwe.

Kalatayo taiyamba ndi mawu akuti bwalo tikulifuna. Ena m'komiti sanakondwe nazo, amati tikufewetsa nkhani. Ine ndinaumirira, chifukwa ndi zoona.

Kusainitsa kwavuta pang'ono kwa okalamba. Zitupa za anthu athu ambiri zinkalembedwa kuti ndi alendo, ndipo mantha olemba dzina papepala lopita kuboma sanawachoke. Mayi wina wachikulire anandifunsa motsitsa mawu: "Bambo, sadzatithamangitsa?" Ndinakhala nawo pansi n'kuwawerengera kalata yonse m'Chichewa. Malamulo omwewo a 2013 amatchula Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka m'dziko muno, choncho kalatayo tikupereka m'Chingelezi ndi m'Chichewa momwe. Atamva zimenezo anapukuta dzanja pachitenje n'kusaina.

Lamulungu, sabata yoyamba ya Seputembala

Lero linali tsiku lovuta kuposa onse, ndipo ndalemba usiku womwe uno zisanandichoke m'mutu.

Achinyamata akhala akutinena. Pakhoma la chimbudzi cha m'paki wina analemba ndi makala kuti madala akutsekereza chitukuko. Tinawaitana kuti tikambirane titatuluka m'tchalitchi. Anabwera ambiri, ena atavala majezi, n'kuima kumbuyo manja ali pachifuwa. Kochi wawo, bambo amene wakhala akuphunzitsa ana mpira pafumbi limeneli kwa zaka zambiri popanda malipiro, anapempha kuyankhula. Anati: "Makolo athu, ndikulemekezani. Koma inu mukulirira mitengo, ine ndikulirira ana. Chaka chino chokha anyamata anga atatu asiya mpira, alowerera mu mankhwala ozunguza bongo a mutoriro. Bwalo labwino likhoza kuwabweza. Kampaniyi ikatopa nanu n'kupita kwina, mudzandiuza chiyani?"

Panali zii. Ndinalibe yankho lachangu, ndipo sindinafune kupeka. Njala ya mabwalo mumzinda uno ndi yeniyeni. Gwanzura ya ku Highfield yakhala zaka zambiri osachititsa masewero akuluakulu. National Sports Stadium italetsedwa ndi CAF, bungwe la mpira mu Africa, ma Warriors, timu ya dziko lino, ankasewera magemu apakhomo m'maiko a eni. Mwana wa kuno akamva kuti bwalo likubwera pakhomo pake, n'kuona akuluakulu atanyamula mapepala okaniza, tingamudzudzule bwanji akakwiya?

Amene anatsegula njira ndi mtsikana wa timu ya ntchemberembaye, wa zaka mwina 16. Anaima mwamanyazi n'kunena: "A kochi, ife tikamadikira gemu yathu timakhala pati? Pajatu ndi pansi pa mkuyu uno. Agogo anga akabwera kudzandionera amakhala apa. Mukadula, adzabweranso?" Anzake anaomba m'manja. Chiyambire pamene ma Gems, timu ya ntchemberembaye ya dziko lino, anafika pa nambala 8 pa mpikisano wa dziko lonse ku Liverpool mu 2019, atsikana a kuno mpira wawo amautenga mozama, ndipo mawu awo amamveka.

Apampando anati tisiye kukangana ndi pakamwa, titenge chingwe. Tonse pamodzi, okalamba ndi achinyamata, tinalowa m'bwalo. Zikhomo za kampani zikusonyeza bwalo la mamita 105 m'litali ndi 68 m'lifupi. Koma malamulo a mpira amalola kuyambira mamita 90 mpaka 120 m'litali, ndi 45 mpaka 90 m'lifupi. Ngakhale pamagemu a pakati pa maiko, bwalo la 100 ndi 64 ndi lololedwa. Tinayeza 100 ndi 64, kuphatikizapo malo otsala m'mbali, kenako tinalisunthira kum'mawa, kumene kuli dothi lopanda kanthu pomwe anthu amatayapo zinyalala. Mkuyu unatuluka kunja kwa chingwe. Mzere wa jakaranda unatulukanso. Ine ndinafuna kuti tilitembenuzenso bwalolo kuti misasa yonse ipulumuke, koma kochi anakana, ndipo anali ndi mfundo: magolo akayang'ana kum'mawa ndi kumadzulo, dzuwa lamadzulo limathobwa goloboyi m'maso. Bwalo liyenera kugona kuchoka kumpoto kupita kumwera. Ndinavomera. Zimenezi sindinkazidziwa.

Pochoka, kochi analowa m'komiti pamodzi ndi mtsikana uja ndi kaputeni wa anyamata. Misasa sabata ino yatulutsa masamba atsopano, ofiira kuti psuu, ena ngati uchi. Kaputeni anaima n'kuyang'ana m'mwamba nthawi yaitali, kenako anandifunsa dzina la mtengowo. Wakulira pansi pake osaudziwa.

Lachitatu, sabata yachiwiri ya Seputembala

Kalata yaperekedwa, kwatsala tsiku limodzi kuti masiku 21 athe. Tinapita atatu pakombi. Tinapempha kuti kope yathu idindidwe chidindo cha tsiku, ndipo inadindidwa. Pamodzi ndi kalatayo tapereka mndandanda wa mitengo 58, zithunzi zake, ndi chojambula cha bwalo losunthidwa chimene mwana wa Fomu 4 anatijambulira bwino papepala la magirafu. Siginecha ya kochi ili pamwamba, pafupi ndi ya apampando.

Lachiwiri, sabata yachiwiri ya Okutobala

Tadikira mwezi wathunthu. Jakaranda wachita maluwa, msewu wonse ndi pepo, ndipo kutentha kwafika pachimake. Lero khansala wa dera lathu anatikumanitsa ndi injiniya wa kampani ija, m'paki momwemo. Tinachita dala kupempha kuti msonkhano ukhale 12 koloko masana. Patangotha mphindi zochepa tili pabwalo, aliyense anasunthira yekha pansi pa mkuyu, ndipo zokambirana zonse zinachitikira pamenepo.

Injiniyayo ndi munthu waulemu. Anayamba ndi lonjezo limene tinkaliyembekezera: pa mtengo uliwonse wodulidwa adzabzala 10. Agogo a ku Dedza aja ndi amene anayankha. Anati: "Bambo, mbande imafuna ndowa ziwiri pasabata kwa zaka zitatu. Kuno mipopi imauma masiku ambiri, amayi amagona pamzere wa mjigo. Adzathirire ndani? Ndipo ikapulumuka, mthunzi wake adzakhalapo ndani? Ine ayi, inunso kapena ayi." Ine ndinaonjeza kuti mbande tikuzifuna ndithu, koma zibwere ngati zoonjezera, asaziwerenge ngati malipiro a mtengo wa zaka 60.

Naye anali ndi madandaulo ake, ndipo sanali opeka. Maluwa a jakaranda ndi nkhuyu zikagwera pakapinga wapulasitiki zimawola n'kutseka timabowo todutsa madzi. Mizu ya mkuyu imatha kutukula maziko. Nthambi za bulugamu zimathyoka popanda chenjezo, ndipo pansi padzakhala ana. Tinakambirana chimodzichimodzi. Timu yalonjeza kusesa m'nyengo ya maluwa. M'mphepete mwa bwalo, kunja kwa malire a mizu, adzaika chotchinga pansi kuti mizu yatsopano isalowe. Za bulugamu tinavomera kuti yoyandikira kwambiri ichoke. Ndi mitengo yobwera kuchokera ku Australia, imakula msanga, ndipo ina mwa iyo yapendekeka kale. Kuteteza mtengo uliwonse mofanana kukanatitayitsa misasa.

Ndinamukumbutsa za Harare Sports Club, kumene kiriketi ya maiko imaseweredwa pabwalo lozunguliridwa ndi jakaranda, ndipo alendo amalitama chifukwa cha mitengo yomweyo. Ngati zimatheka kumpoto kwa mzinda, zithekenso kuno. Za kapinga wapulasitiki sitinakakamire, poti ndalama ndi zawo. Ndinangonena kuti kubwalo la mpira la Rufaro anamuyesa, ndipo mu 2017 anamuchotsa n'kubwezeretsa udzu. M'mwezi ngati uno amatentha kwambiri kuposa udzu, choncho osewera adzafuna mthunzi kuposa kale.

Anatenga chojambula chathu, n'kunena kuti akakambirana ndi mabwana ake. Ana a Sande sukulu akutola nthanga za msasa. Makoko ake akuphulika masana, thwa, thwa, ndipo tadzaza kale chitini chimodzi.

Lachinayi, sabata yomaliza ya Okutobala

Tsiku loipa. Mayi wa tomato anandiimbira 7 koloko m'mawa: "Bambo mlembi, thamangani, akukumba!" Kampani inatumiza anthu kudzakumba ngalande ya mawaya a magetsi a pabwalo, pulani yatsopano isanavomerezedwe. Anatsatira chojambula chakale. Pamene ndimafika, katapila anali atadutsa mamita awiri okha kuchokera pathunthu la msasa wa nambala 31, ndipo mizu itatu yonenepa ngati mkono wanga inali itang'ambika, yoyera mbee. Lole inali itakhuthula kwale ndi mchenga pansi pa mkuyu, chifukwa pamthunzi ndi pamene antchito amakonda kugwirira ntchito.

Woyendetsa katapila ndi mnyamata wamba, anangopatsidwa pepala. Sitinamukalipire. Kochi ndi anyamata asanu anaima kutsogolo kwa makinawo mwakachetechete, ine ndikuimbira injiniya. Anafika patatha ola, anapepesa, n'kuimitsa ntchito.

Mwana wa achemwali anga anatiuza zochita kudzera pafoni. Mizu yong'ambika tinaidula bwino ndi sowo yakuthwa kuti bala likhale losalala, chifukwa bala lophwanyika limawola. Tinaiphimba ndi masaka onyowa kuti isaume ndi dzuwa, madzulo tinakwirira ndi dothi lomwelo, osatsindira, n'kuthira madzi amene amayi anatunga kumjigo ndi zigubu. Pamwamba tinayala masamba ouma, osagunditsa kuthunthu. Kwale ndi mchenga zinachotsedwa ndi mawilibala ndi mafosholo, poti sitinalole kuti makina alowenso pansi pa mkuyu. Msasawu wataya mizu mbali imodzi. Ngati upulumuke tidzadziwa patapita zaka.

Usiku sindinagone. Ndinkaganiza za msasa wotchuka uja wa mumsewu wa Josiah Tongogara, umene anthu ambiri amati ndi pamene Mbuya Nehanda, mayi amene anatsogolera nawo nkhondo yolimbana ndi atsamunda, anapachikidwa mu 1898. Unagwa mu Disembala 2011 utagundidwa ndi galimoto pa nthawi yokonza msewu. Palibe anakhala pansi n'kulamula kuti ugwe. Ngati mtengo wodziwika ndi dziko lonse unatha choncho, nanga nambala 31 wa m'paki yathu? Miyezi itatu yonseyi maso athu anali pa macheka ndi chizindikiro chofiira, pamene choopsa china chimalowera pageti m'mawa ndi matayala. Kuyambira mawa pakhala munthu wa komiti m'paki tsiku lililonse antchito asanafike.

Lolemba, sabata yachitatu ya Novembala

Pulani yatsopano yabwera ndipo taiona ndi maso athu. Bwalo ndi la 100 ndi 64, lasunthidwira kum'mawa. Mawaya a magetsi adzadutsa m'mbali mwa msewu. Pa mitengo 23 ija, 13 yapulumuka: mkuyu, muula, flamboyant, jakaranda 5, misasa 3 ndi bulugamu 2. Yadulidwa 8, bulugamu 7 ndi jakaranda mmodzi. Jakarandayo tinachita kuvomereza tokha. Titamugogoda ankalira ngati ng'oma, ndipo atagwa tinapeza m'kati muli mphako yodzaza chiswe. Anali woyamba pamzere wa agogo aja. Anabwera kudzaonerera, sanayankhule kanthu, anangopempha kachidutswa ka nthambi n'kupita nako kunyumba.

Nkhuni za bulugamu tagawira bungwe lathu la maliro. Mathunthu akuluakulu awaduladula kuti akhale mipando ya oonera mpira. Tinachita kulondera usiku umenewo, chifukwa ndi kuzimazima kwa magetsiku nkhuni ndi ndalama, ndipo wakuba nkhuni sasiyanitsa mtengo wogwa ndi woima.

Misasa iwiri, nambala 34 ndi 35, nkhani yake sinathe. Ili pamene akufuna kuika malo oimika magalimoto. Ife tikuti anthu a kuno amabwera ku mpira wapansi kapena pakombi, ndipo malo a magalimoto akhoza kuchepa. Iwo akuti adzafuna kubwereketsa bwaloli kwa matimu a makampani, amene amabwera pagalimoto. Talemba kalata yachiwiri, ndipo khansala walonjeza msonkhano wina mu Januwale. Mpaka nthawi imeneyo agwirizana kuti sakhudza.

Chimene tapambana kwambiri, m'maganizo anga, ndi mpanda. Mtengo uliwonse wotsala pafupi ndi ntchito wazunguliridwa ndi mapolo ndi waya pa mtunda uja tinayeza mu Ogasiti. M'kati mwa mpanda simulowa galimoto, simuunjikidwa njerwa, simusakanizidwa simenti, ndipo madzi otsukira mawilibala sathiridwamo, poti madzi a simenti amawotcha mizu. Sakuloledwanso kuunjika dothi mozungulira thunthu. Zonsezi zalembedwa papepala, injiniya ndi apampando asaina, ndipo kope tamata pageti m'Chishona, m'Chichewa ndi m'Chingelezi kuti wantchito aliyense awerenge yekha.

Loweruka loyamba la Disembala

Lero ndi tsiku lobzala mitengo m'dziko muno, monga zakhalira chiyambire 1980. Mvula yagwa kawiri sabata ino ndipo dothi lafewa. Kampani yabweretsa mbande 40. Tinapempha za mbawa, ndi za katope kumunsi konyowa kuja, m'malo mwa bulugamu. Mbande iliyonse yapatsidwa mwini wake, wosewera mmodzi wa timu ya anyamata kapena ya atsikana, ndipo kochi wanena kuti amene mbande yake iume chifukwa chosathirira akhala pabenchi. Nthanga za msasa zija tazifesa pamalo pomwepo, m'mbali mwa mpanda wakumadzulo, zitatu padzenje, chifukwa muzu wake sukonda kusunthidwa. Agogo ndi amene anaonetsa ana kakumbidwe ka dzenje, atakhala pa thunthu la bulugamu, akuloza ndi ndodo.

Nambala 31 udakali ndi masamba obiriwira mbali zonse. Taujambula kuchokera pamalo amodzi, ndipo tiziujambula tsiku loyamba la mwezi uliwonse kuti tione ngati nsonga ziyambe kuuma. Pansi pa misasa yakumpoto mwana wina anapeza bowa awiri, ndipo amayi anakangana kwa kanthawi ngati ndi nhedzi kapena wakupha. Tawasiya pomwepo.

Zotsala m'kope: waya wa mpanda wa muula wadulidwa mbali imodzi, tikufuna mamita 10 kuti tikonze. M'thumba la komiti mwatsala madola 7. Kalata ya misasa iwiri ija ikufunika masiginecha ena Khirisimasi isanafike, anthu asanabalalike kupita kumidzi. Malole a kwale ya maziko ayamba kubwera Lolemba, ndipo adzalowera geti lakum'mawa lokha. Pageti, 6 koloko m'mawa, tidzakhalapo ine ndi kaputeni wa anyamata. Lachiwiri ndi mayi msungichuma ndi mtsikana wa ntchemberembaye uja, asanapite kusukulu.